Pofika Lachisanu

Ofesi ya loya wanga, Mayi Miti, ili pamwamba pa sitolo ya nsalu,
masitepe khumi ndi asanu ndi awiri.
Ndimawadziwa onse, pakuti phazi lamanzereli
limawawerenga limodzilimodzi, khwe, khwe,
ngati thumba la makala lokokedwa pansi.

Lero ayala pepala patebulo.
Akuti a kukiliniki atumiza mawu:
mapini makumi asanu ndi atatu, ndalama pamanja,
koma musaine apa kuti palibe amene analakwa,
ndipo nkhaniyi musakaitchulenso,
kaya pamaliro, kaya ku Kapata pomwa tiyi.
Yankho alimve pofika Lachisanu.

Ine ndinapita ndi malungo chabe.
Ndinatsika njinga ndekha, ndinaikhoma loko ndekha pamtengo wa mango.
Mnyamata wa chovala choyera ankaseka ndi wina,
foni paphewa, jekeseni m'dzanja.
Anati tembenukani, bambo.
Moto unatsika kuchokera m'thako mpaka kuchala chachikulu,
ndipo chiyambire tsikulo phazi silimva ndikaliitana.

Zaka khumi ndi zinayi ndinapalasa tauni ino.
Ndinanyamula aphunzitsi a ku Mchini,
matumba a mtedza, mbuzi yomangidwa miyendo,
ndi mayi wina amene anatsala pang'ono kuchirira pakaliyala yanga.
Tsopano njingayo amapalasa mphwanga Yotamu.
Ine ndimakhala kumbuyo,
ndipo tsiku lina potsika ndinapisa m'thumba kuti ndimulipire.

Mayi Miti sabisa kanthu.
Akuti kukhoti tingapambane, tingagwenso chagada.
Khadi lanu la kuchipatala lasowa tsamba lapakati.
Nesi amene anaona zonse anasamukira ku Lundazi,
foni yake imangolira.
Dokotala wodzachitira umboni achokere ku Lusaka,
basi ndi pogona zikhale zanu.
Mlandu ungayende zaka zitatu,
woweruza akasinthidwa tiyambirenso.

Zelesi sagona usiku.
Amawerengera mumdima ndi zala pabulangete:
fizi ya Tisa, malata asanu ndi limodzi,
ngongole ya kwa a Shawa,
kagolosale kapakhomo kamene ndingamakhalemo pampando.
Akuti chilungamo n'chabwino, bambo a Tisa,
koma mwini nyumba sachilandira pakutha pa mwezi.
Akuti kodi woweruza akagamula, phazilo lidzadzuka?
Ndimakhala chete. Sakunama.

Koma ndili ndi njala ina imene sindidziwa kumufotokozera.
Ndikufuna mnyamata uja aime m'bokosi, foni itazimitsidwa,
andiyang'ane kumaso kamodzi kokha,
pakuti tsiku lija anangoona thako.
Ndikufuna liwu limodzi: tinalakwa.
Zilembo zisanu ndi zinayi, ndinawerenga ndi Tisa.

Ndafunsa ngati angaliwonjezere pansi pa pepala,
ngakhale ndi pensulo,
achotsepo mapini khumi, ndivomera.
Mayi Miti avula magalasi, awapukuta nthawi yaitali.
Akuti, bambo Njobvu,
liwu limenelo ndi limene akugula.

Ndapinda pepala kanayi, ndaika m'thumba la malaya.
Kutsika masitepe n'kovuta kuposa kukwera.
Yotamu akudikira pamthunzi, akudya chinangwa,
sanafunse kanthu, mwana waulemu.

Njira yakwathu imadzera pakiliniki pomwepo.
Apaka penti yatsopano pageti.
Pabenchi pali mzere, ndipo mayi wina wa chitenje chobiriwira
akutsitsa kabudula wa mwana wake, akumunyengerera,
usalire, n'kanthawi kochepa.
Ndikasaina, mayi ameneyo ndidzangomupatsa moni.
Ndikapanda kusaina, Tisa akhala pakhomo Januwale,
ndipo mayiyo mwina sadzamva n'komwe kuti kunali mlandu.

Pachitunda Yotamu waimirira pamapedulo, akupuma mwamphamvu.
Kale ndinkauza makasitomala onenepa kuti atsike pano.
Phazi langa lamanja likupalasa lokha mumphepo, kumuthandiza.
Linalo likungolendewera.
Lero ndi Lachiwiri.